Mafunso ndi mayankho: kuzindikira chitsulo ndi kuwotcherera zipangizo zakale zaulimi

Awa ndi mafunso amene sasowa m'mashedi a owotcherera kuno ku Kasungu, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala, pamene mapulawo, marija ndi ngolo zimatulutsidwa m'zigafa kukonzekera mvula yoyamba. Tayambira ophweka.

Chitsulo si chitsulo basi? Ndivutikirenji kuchizindikira ndisanayatse makina?

Pulawo imodzi ya ng'ombe ili ndi zitsulo zamitundu itatu kapena inayi. Zogwirira ndi tizitsulo tolimbitsira n'zachitsulo wamba, chofewa. Sheya, mpeni uja umang'amba dothi, ndi chitsulo cholimba. Kawilo kakutsogolo nthawi zambiri ndi ka kasiti, chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Zikachita dzimbiri zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, koma pamoto chilichonse chili ndi khalidwe lake.

Chimasiyanitsa ndi kaboni. Chitsulo wamba chili ndi kaboni wosafika 0.3 peresenti, cha sipuling'i ndi cha tupa chimayambira cha m'ma 0.6 mpaka 1 n'kupitirirako pang'ono, pomwe kasiti ali ndi 2 mpaka 4 peresenti. Kaboni akachuluka, malo amene atenthedwa n'kuzizira msanga amauma gwa, ndipo chouma chotero sichipindika, chimangothyoka. N'chifukwa chake mumapeza msoko wowotcherera uli bwinobwino koma chitsulo chadukira m'mbali mwake mwenimweni. Mwini pulawo amati mmisiri sadziwa kugwira rodi, chonsecho dzanja linali labwino, kungoti anawotcherera kasiti ngati akupanga fulemu ya zenera.

Ndilibe zida zoyezera. Ndichizindikira bwanji?

Yambani ndi maginito, ya m'sipika ya wailesi yakufa ikukwana. Ikakana kumata ndiye kuti mwagwira aluminiyamu, kopa, bulasi, zinki kapena mtundu wina wa sitenilesi, ndipo rodi wamba si yake. Ikamata, mwatsala ndi kusiyanitsa chofewa, cholimba ndi kasiti.

Palani dzimbiri muone khungu lake. Kasiti amakhala wokhakhala ngati anagona pamchenga (anagonadi, paja zikombole zake ndi zamchenga), amakhala ndi kamzere kopyapyala pomwe zikombole zinakumana, ndipo manambala ake ndi otukuka, osati odinda. Ngati chathyoka, pothyokapo ndi pamene pali umboni wonse: kasiti amaoneka wotuwa, wa timibulu ngati mwala wosweka, ndipo mukasisitapo chala chimada ngati mwagwira nsonga ya pensulo. Chitsulo wamba kawirikawiri sichiduka chisanapindike.

Kenaka dutsitsani tupa pakona. Ikadya mosavuta, n'chofewa. Ikamangotererapo n'kumalira, n'cholimba. Kubowola kumanena zoona kuposa zonsezi: chitsulo chimatulutsa zopala zazitali zopotana, kasiti amatulutsa ufa wakuda. Ena amapachika chiwiyacho pawaya n'kuchimenya. Chitsulo chimalira nthawi yaitali, monga amachitira malimu ndi madisiki akale aja amaimba ngati belu m'masukulu, pomwe kasiti amangoti gu. Koma chitsulo chokhala ndi mng'alu nachonso chimati gu, choncho musagamule ndi njira imodzi yokha.

Nanga zoyang'ana mbaliwali za gilayinda zimathandizadi?

Kwambiri, bola muchitire pamthunzi ndipo musakanikize disiki mwamphamvu. Chofewa chimaponya mbaliwali zazitali, zachikasu, zowongoka, zophulika pang'ono kumapeto. Cholimba chimatulutsa zambirimbiri, zowala, zophukira nthambi ngati ngayaye za chimanga. Za kasiti n'zazifupi, zofiira moderako pafupi ndi disiki, ndipo sizipita patali. Aluminiyamu, kopa ndi bulasi sizitulutsa mbaliwali, zimangomata disiki.

Maso amaiwala, ndiye sungani zofanizira. Mangani pawaya umodzi kachidutswa ka angulo, ka sipuling'i ya galimoto, ka tupa yakutha ndi ka ayironi ya makala yosweka, muzipachike pafupi ndi gilayinda. Chikabwera chachilendo, chikhudzitseni ku disiki, kenaka zodziwikazo chimodzichimodzi.

Njira imeneyi imagwiranso chinthu china chopusitsa. Pali ziwiya zothira m'chikombole koma zili zachitsulo chenicheni, osati kasiti. Kunja n'zokhakhala, koma mbaliwali n'zazitali ndipo pobowola zimatulutsa zopotana. Zoterezo musawonongerepo rodi ya nikelo yowotcherera kasiti, rodi yolembedwa 7018 ikukwanira.

Pa thirakitala ndi pachigayo, n'ziti zimakhala za kasiti?

Pa mathirakitala akale, monga ma Massey Ferguson amene anatsala m'maesiteti a fodya, thupi la injini, nyumba ya giya, nyumba ya ekiselo yakumbuyo ndi manifodi ya utsi ndi za kasiti. Mashafiti, mikono yonyamulira pulawo ndi chitsulo chokokera ngolo n'zachitsulo cholimbirako. Pachigayo, mapule, nyumba za maberingi ndi fulayiwilo ya injini ya dizilo ndi kasiti. Bokosi lake ndi miyendo ndi chitsulo wamba. Jeke yodindira fodya fulemu yake siivuta, koma yesani kaye nati yaikulu ija musanaiyandikize moto.

Pa zoyera zokana maginito, nyamulani mumve kulemera. Aluminiyamu amalemera gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo chofanana naye kukula. Chikakhala choyera motuwa koma cholemera, monga thupi la kabureta, ndi zinki, ndipo ameneyo amasungunuka n'kugwa rodi isanagwire n'komwe.

Manambala a pa rodi amatanthauza chiyani? Ndigule iti?

Pa 6013 kapena 7018, manambala awiri oyamba amanena mphamvu ya msoko: 70 ndi yamphamvu kuposa 60. Yachitatu ikakhala 1, rodiyo imawotcherera chogona, choimirira ngakhale cham'mwamba. Yomaliza imanena za chikuto chake.

6013 ndi ija ili ponseponse. Siivuta kuyatsa, ndipo pa wilibala, bokosi la ngolo, zogwirira pulawo ndi mageti ilibe vuto. Pa zonyamula katundu wolemera kapena zogwedezeka, monga ekiselo ndi chokokera, pamafunika 7018. Pa chitsulo chokayikitsa, kapena polumikiza cholimba ndi chofewa, rodi ya sitenilesi ya 312 imapirira kwambiri, ngakhale ndi yodula. Za nikelo zili pa funso la kasiti.

7018 ili ndi chilema chimodzi: imamwa chinyezi. Ikatero imalowetsa mpweya wa haidirojeni mumsoko, ndipo mng'alu umatha kudzaonekera mawa kapena mkuja, ngolo itapita kale kumudzi. Gulani ya m'paketi yomata, osati yogulitsidwa imodziimodzi pabenchi m'nyengo yadzinja, ndipo muziisunga m'paipi yotseka mbali zonse. Kuyanika padzuwa sikuchotsa chinyezicho. Imafuna kutentha kwa madigiri 300 mpaka 350 a Celsius kwa ola limodzi kapena awiri. Dziwaninso kuti makina ambiri owotcherera okulunga konkuno amavutika kuiyatsa, pomwe pa makina a inveta imayaka bwino.

Moto ndiike wochuluka bwanji?

Rodi ya geji 12, ya mamilimita 2.5, imafuna maampu 60 mpaka 90. Ya geji 10, mamilimita 3.2, imafuna 90 mpaka 130. Ya geji 8, mamilimita 4, imayambira 130 mpaka cha m'ma 180.

Makina opanda manambala muziwaweruza ndi msoko. Moto ukachepa rodi imamatamata, ndipo msoko umangokhala pamwamba ngati mbozi yagona patsamba, osalowa mkati. Woterewo umachoka ndi hamala imodzi. Ukachuluka pamathovoka timadontho ponseponse, m'mbali mwa msoko mumadyeka ngalande, ndipo rodi imafiira isanafike theka. Ngati makina amene m'mawa amayaka bwino ayamba kumata madzulo, musathamangire kuwamasula: magetsi amafooka anthu akayamba kuphika, ndipo chingwe chachitali chopyapyala chimadya mphamvu yotsalayo. Pa jenereta, yosafika 5 kVA imalira ndi rodi ya geji 10.

Ndingowotcherera pamwamba pa mng'alu, kapena ndiyambe ndakumba?

Kumbani. Msoko woyala pamwamba umangobisa mng'alu, womwe umapitiriza kuyenda pansi pake. Chitsulo chikapitirira mamilimita 5 kukhuthala, senani mbali zonse ziwiri kuti zipange V wa madigiri pafupifupi 60, ndipo musiye kampata kofanana ndi waya wa mkati mwa rodi. Chotsani dzimbiri, penti ndi girisi masentimita awiri mbali iyi ndi iyo mpaka pawale. Ngati wina anawotchererapo kale, msoko wakewo uchoke wonse. Simudziwa rodi imene anagwiritsa. Mukamayala mzere wachiwiri, gogodani kaye nkhanambo ya woyambawo ndi kupukuta ndi bulashi yawaya, apo ayi imatsekeredwa mkati.

Kasiti amawotchereredwa bwanji kuti asang'alukenso?

Choyamba pezani pomwe mng'alu wathera, chifukwa umapitirira pomwe maso akuonera. Pakani palafini, pukutani, kenaka pakani choko. Palafini wotsalira mkati amatuluka n'kujambula mzere wonse pachokopo. Bowolani kabowo ka mamilimita 4 kapena 5 kumapeto kulikonse kuti mng'alu usayendenso, ndiye mukumbe V. Kasiti wa giya kapena injini amakhala atamwa oyilo kwa zaka. Mutenthetseni pang'onopang'ono mpaka utsi usiye kutuluka, chifukwa oyiloyo ndi amene amabowola msoko timabowo ngati chisa cha njuchi.

Rodi zake ndi za nikelo, ndipo zilipo ziwiri. Ya nikelo pafupifupi yekhayekha, yolembedwa ENi-CI, imasiya msoko wofewa wotheka kubowola ndi kusema. Yosakaniza ndi chitsulo, ENiFe-CI, ya nikelo cha m'ma 55 peresenti, ndi yamphamvu ndipo imayenera zokhuthala.

Njira zilipo ziwirinso, ndipo musankhe imodzi, osaphatikiza. Yozizira ndi ya zinthu zazikulu zosatheka kuika pamoto. Tengani rodi yopyapyala, moto wochepa, muwotcherere masentimita awiri okha n'kuima. Nthawi yomweyo, kusanazizire, gogodani msokowo ndi hamala yamutu wobulungira, mofulumira koma mopepuka. Kugogodako kumatambasula msoko kuti pofota usakoke kasiti, yemwe satha kutamuka. Dikirani mpaka muthe kuikapo chikhatho osachotsa, ndiye mupitirize. Ngati mng'alu wafika m'mphepete, yambirani kotseka kulowera kotseguka. Mng'alu wautali ngati chikhatho ungakudyereni theka la tsiku, ndipo amisiri ambiri amagwera apa, chifukwa mwini wake amakhala ali chiimire akuti ng'ombe zikudikira.

Yotentha ndi ya tinthu tonga pule kapena kawilo ka pulawo. Kolezani makala, tenthetsani chiwiya chonse mofanana mpaka chipitirire madigiri 300, muwotcherere chikadali chotentha, kenaka muchikwirire m'phulusa louma, mchenga wouma kapena laimu mpaka m'mawa. Osafukula kuti muone. Mukamva kaphokoso koti ting'i chikuzizira, ndiye kuti chang'aluka, ndipo muyambirenso ndi palafini uja.

Rodi ya nikelo ndi yodula ndipo nthawi zina mpaka kuitanitsa ku Lilongwe. Sindingagwiritse 6013?

Imamata, inde, ndipo imaoneka bwino tsiku limenelo. Koma msoko wake umayamwa kaboni wa kasiti n'kuuma ngati galasi, moti ngakhale kubowola sikutheka. Pa chinthu chongokhala, monga mwendo wa sitandi, mwina mungapulumuke mutatsata njira yotentha ija. Pa chozungulira kapena chonyamula, ayi.

Kuli bwino kubreza ndi gasi, kapena kuti kumata ndi bulasi wosungunula. Bulasi amasungunuka cha m'ma madigiri 900, kasiti asanayambe kusungunuka, choncho chiwiyacho sichiuma. Senani V, tenthetsani mpaka pafiire, ikani ufa wa boraksi, ndipo bulasi ayenderere yekha ngati madzi. Akamapanga timipira ndiye kuti pali dothi kapena sipanatenthe. Njira ina yonyozeka koma yokhalitsa ndi chigamba cha chitsulo chomanga ndi mabawuti. Manifodi ya utsi imene yapsa kwa zaka zambiri imakana zonse, rodi imangogubuduka. Funani ina kwa ogulitsa zakale.

Ndidziwa bwanji kutentha popanda choyezera?

Senani kamalo pafupi ndi powotcherera kuti pawale, muziyang'ana mtundu wake. Pakachita chikasu ngati udzu wouma ndi madigiri pafupifupi 220, pakaderako ngati fodya wochita bwino ndi 250, pakabiriwira ngati thambo ndi 300. Kufiira kongooneka mumdima ndi kupitirira 500. Malovu akamawira amangokuuzani kuti mwadutsa 100, basi.

Sheya yatha nsonga. Ndiwonjezere chitsulo kapena ndigule ina?

Dothi lamchenga la kuno limanola sheya ngati mwala, choncho funso ili ndi la chaka chilichonse. Ngati thupi lake likadali lokhuthala, dulani kachidutswa ka sipuling'i ya galimoto, tenthetsani zonse ziwiri mpaka mtundu wa thambo uja, mulumikize ndi 312 kapena 7018, zizizire m'phulusa. Madisiki a thirakitala ong'aluka amafuna zomwezo, pamodzi ndi kabowo kumapeto kwa mng'alu. Ngati sheya yapyapyala ngati lata, musataye rodi.

Chimene ambiri amaphonya ndi kaweramidwe ka nsonga. Ikani pulawo pamalo osalala: igunde pansi ndi nsonga ya sheya komanso chidendene chakumbuyo, pakati pakhale kampata ka mamilimita 3 mpaka 5. Kampata kameneko ndi kamene kamakokera pulawo m'dothi. Mukawotcherera nsonga yowongoka kapena yoyang'ana kumwamba, pulawo imangoyenda pamwamba, wolima n'kumakanikiza zogwirira mpaka msana kuwawa, n'kumakalipira ng'ombe zosalakwa.

Palinso rodi yolimbitsa pamwamba, yoyala m'mphepete mwa sheya isanathe. Musapitirire mizere iwiri yosanjikiza, chifukwa yachitatu imasweka n'kugwa. Timing'alu topingasa pa msoko wake si vuto. Koma si yolumikizira zinthu.

Bwanji ndingothira madzi kuti chizizire msanga?

Pa kasiti, sheya, disiki, sipuling'i ndi ekiselo, madzi ndi amene amapanga kuuma kuja tafotokoza pa funso loyamba. Ngakhale kuchisiya pasimenti yozizira kapena pamphepo ya mu Julayi n'kulakwa. Chitsulo chokhacho chimene chimapirira madzi ndi chofewa chopyapyala, ndipo nachonso chimapindika.

Ngolo yanga imathyokera pamodzimodzi chaka chilichonse. Chikulakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi chigamba. Chigamba chamakona anayi chowotcherera kuzungulira chimasiya msoko wopingasa mtanda, ndipo mtanda umadzadukira pomwe pathera chigambapo. Chidulireni nsonga mbali zonse ziwiri ngati daimondi ya pa makhadi, chitalike kawiri kapena katatu kuposa kukula kwa mtandawo, ndipo misoko iyende motsata utali wake. Musaiwale kulumikiza kaye pothyokapo. Chigamba ndi chothandizira chabe.

Ekiselo ya ngolo nthawi zambiri ndi ya galimoto yakale, choncho itenthetseni kaye ndipo mugwiritse 7018. Igwirizitseni ndi timadontho mbali zinayi, yesani ngati yawongoka, kenaka muziwotcherera mosinthanitsa mbali, chifukwa msoko umakokera chitsulo komwe uli. Ekiselo yokhota imadya matayala ndi maberingi. Zitsulo za Y12 zomangira nyumba musalimbitsire nazo chokokera. Zina mwa izo n'zouma ndipo zimaduka osachenjeza.

Za kuwotcherera limu: tayala lichoke kaye lonse. Kuphwetsa kokha sikukwanira. Kutentha kumayambitsa kupsa kwa mphira mkati, mpweya n'kumachuluka mwakachetechete, ndipo tayala limatha kuphulika patapita mphindi zingapo makina atazimitsidwa kale.

Mahamala a chigayo atha. Ndiwawonjezere ndi rodi?

Yambani mwawatembenuza, poti ambiri ali ndi makona oposa limodzi ogwira ntchito. Akatha onse, kugula seti yatsopano n'kwanzeru. Chigayo chimazungulira maulendo masauzande pa mphindi, ndiye hamala imodzi ikalemera kuposa yoyang'anizana nayo chimanjenjemera mpaka kupha maberingi ndi kung'amba nyumba zake za kasiti. Ngati mwakakamizika kuwonjezera, yezani pasikelo kuti oyang'anizana alemere chimodzimodzi. Kumbukiraninso kuti kachidutswa kalikonse kothyoka pa msoko kamabowola sefa n'kupita mu ufa wa anthu.

Bawuti yadukira mkati mwa kasiti. Ndiitulutsa bwanji?

Ikani washa pamwamba pa chitsa chake, muwotcherere pakati kuti washa agwirane ndi bawutiyo. Pamwamba pa washa ikani nati, mudzaze mkati mwake. Dikirani kufiira kuthe, thirani oyilo pang'ono, ndiye muzigwedeza ndi sipanala uku ndi uku musanayambe kumasula. Kutentha kumaswa dzimbiri la m'mazinga, ndipo apa kukana kwa kasiti kugwirana bwino ndi 6013 kumakuthandizani. Nati ikadukako, bwerezani. Kachiwiri kapena kachitatu imatuluka.

Ndingawotcherere chinthu chili pa thirakitala pomwepo?

Mungathe, mutachotsa kaye mawaya a batire, kuyambira wa negetivu, kuti muteteze alitaneta. Waya wa efi wa makina owotcherera mumangirire pafupi penipeni ndi powotcherera, pachitsulo chomwecho. Mukaumangirira kutali, magetsi amadutsa m'maberingi ndi m'magiya n'kusiya timabala, ndipo beringiyo imayamba kulira pakatha masabata ochepa. Lamulo lomweli ligwire pa ngolo ndi pachigayo. Tulutsaninso thirakitala kutali ndi chigafa ndi udzu wouma; mbaliwali imanyeka chamumtima m'zinyalala mpaka usiku.

Mapaipi a galavanaizi amandidwalitsa. Mkaka umathandiza?

Suthandiza. Utsi woyera uja ndi zinki wokutira mapaipiwo, ndipo umalowa m'mapapo pomwe mkaka umapita m'mimba. Pakatha maola angapo munthu amamva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya thupi ngati malungo. Mapaipi a thiredo pampu ndi a madzi muziwasena kaye mpaka zinki achoke masentimita awiri kapena atatu kuzungulira, muwotcherere panja, mphepo izichotsa utsi kumaso kwanu. Kusenako kumathandizanso msoko, chifukwa zinki amaubowola. Ngati chifuwa chabanika, pitani kuchipatala ndipo mukanene ntchito imene mumagwira.

Maso akundiwawa usiku ngati muli mchenga. Magalasi akuda adzuwa sakwanira?

Sakwanira, ndipo kutsinzina kapena kuyang'ana kumbali sikuteteza. Kuwala kwa rodi kumawotcha khungu la diso, ululu n'kudzayamba pakatha maola 6 mpaka 12. Pamafunika chigoba chokhala ndi galasi la nambala 10 kapena 11. Wokugwirirani chitsulo ndi ana oonerera amapsa chimodzimodzi. Zikachitika, musatikite ndipo musadonthezemo madzi a mbatata, mkaka kapena shuga. Ikani kansalu konyowa kozizira pa zikope, mukhale mumdima, ndipo ngati sizikusintha pofika mawa lake kapena mukuganiza kuti mwalowa kachitsulo ka gilayinda, kaonetseni kuchipatala.

Pali zinthu zimene mumakaniratu kuwotcherera?

Zilipo. Sipuling'i yoti ibwerere pa galimoto, zitsulo za chiwongolero, mbedza yonyamulira injini ndi fulayiwilo yong'aluka: zimenezi zikaduka zimadukira pa munthu. Mabawuti olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu anawalimbitsa ndi moto kufakitale, ndipo mukawawotcherera mphamvuyo imatha, gulani ena.

Chachikulu ndi thanki kapena diramu imene munali petulo, dizilo, oyilo kapena mankhwala a mbewu. Yopanda kanthu ndi imene imaphulika, chifukwa yadzaza mpweya wa mafutawo, ndipo kutsukuluza kamodzi ndi madzi sikuuchotsa m'makona ndi m'misoko. Diramu yofuna kudula pakati kuti ikhale yomwera ng'ombe, itsukeni ndi madzi otentha ndi sopo, tsegulani zitsekero zonse, muidzaze madzi mpaka pafupi ndi podulapo, ndipo mudule ndi tchizulo kapena sowo, osati gilayinda. Ya mankhwala a fodya kapena a thonje isakhale yomwera ziweto ngakhale itatsukidwa motani.